Sabata Yosiya Shuga, Apongozi Ali M'nyumba

Lolemba

Ndayamba lero! Kope latsopano, munthu watsopano.

Adokotala akuti m'mazira anga muli timatuza tambirimbiri. N'chifukwa chake kumwezi ndimapita kawiri kapena katatu pachaka, n'chifukwa chakenso ndili ndi tindevu tisanu tomwe ndimazula Loweruka lililonse. Zaka zinayi pabanja ndi Mubita, mwana ayi. Koma akuti si ufiti, ndipo thupi likatsikako pang'ono zinthu zikhoza kubwerera m'malo. Ndasangalala mpaka ndapatsa moni mbuzi.

Malamulo amene anesi andilembera:
1. Shuga m'tiyi, ayi.
2. M'mawa dzira lowiritsa, osati banzi.
3. Masamba ndi nyemba zambiri, nsima mtanda umodzi.
4. Kuyenda ndawala theka la ola, dzuwa lisanakwiye.
5. Zokazinga, ayi.

Lamulo lomalizali ndi chipongwe, poti ntchito yanga ndi kukazinga vitumbuwa pamsewu kuno ku Dambwa North. Komabe beseni lonse latha osalawako. Chabwino, chimodzi, chopserera. Chopserera sitiwerenga.

Ndayesa m'chiuno ndi chingwe cha thumba la ufa, mfundo yafika pamchombo penipeni. Ndachisiya chomanga m'chiuno kuti chizindikumbutsa. Tionana Lamulungu.

Lachiwiri

Kukungocha, nsapato za mpira za Mubita kumapazi, ulendo njira ya ku Simonga. Kamphepo kabwino, mtima mbee! Kenako ndowe za njovu pakati pa njira, zikufuka nthunzi. Sindikudikira kuona mwini wake. Theka la ola ndalimaliza m'mphindi khumi.

Kufika kunyumba ndili wefuwefu, pakhomo pali thumba la mpunga wa ku Mongu, nsomba zouma, chigubu cha mkaka wowawasa, ndi apongozi atakhala pamwamba pa zonsezo. Abwera osatumiza ngakhale kalata!

Mubita ndamukokera kuseri: amayi ake asamve za timatuza. Chaka chatha ndinawamva ndi makutu angawa akumuuza za mtsikana wina wa ku Senanga "wa chiuno chabwino". Akadziwa kuti vuto lili mwa ine, mtsikanayo akwera basi. Zimenezi ndikuziopa kuposa njovu.

Lachitatu

Apongozi amathira masupuni anayi a shuga m'kapu. Atafika pa yanga ndaphimba ndi dzanja. Tiyi wopanda shuga, amayi inu! Kuwawa ngati kwinini. Kumeza kamodzi, ndathamangira kukalavula kuseri kwa nyumba.

Pobwerera akundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Masana, ndikukonza chitenje, aona chingwe cham'chiuno chija. Angowomba m'manja pang'onopang'ono ngati kwawo, n'kuyamba nyimbo ya kutchalitchi m'Chilozi. Ayimba tsiku lonse. Kaya alowa chiyani.

Lachinayi

Nsapato zasowa. Dzira langa alanda lili m'manja: "Mazira iyayi, mwana wanga. Si ya imwe manje." Ndikaima pakhomo akundikankha, akuti lowani kapena tulukani. Ndowa ya madzi andiletsa kunyamula.

Pampopi ba Mutinta, oyandikana nawo nyumba, akunditsinzinira diso: "Ba neba, mwabisa bwino! Ba pongozi banu bagula ulu wa white ku town, wolukila va mwana."

Mayo ine! Kukana shuga, kulavula m'mawa, chingwe m'chiuno ngati cha mankhwala osungira mimba. Akuganiza kuti ndili ndi pakati!

Ndipo mimba yaing'ono satchula, akuti ungaithawitse. Ndiye palibe wandifunsa. Nanga ndikana bwanji chinthu chimene munthu sananene?

Lachisanu

Zomwe ndadya lero, mbale iliyonse yoperekedwa ndi manja awiri:
phala la mpunga la shuga
mpunga wina wothira mkaka wowawasa, shuga pamwamba
nsomba yokazinga, mafuta mpaka m'chigongono
nsima mitanda itatu (wachitatu akuti si wanga)
Fanta, yogula okha!

Chakudya cha apongozi sakana. Lero okazinga vitumbuwa ndi iwo, ine ndili pamphasa pamthunzi ngati mkazi wa bwana. Chilichonse chopserera akundipatsa. Ndikuwakayikira kuti akupsereza dala.

Mubita, amene amasenza mabwato a azungu kuchokera kuphompho la Zambezi, n'kudya za anthu atatu osanenepa ngakhale chala, akuti: "Baleke chabe bakondweleko pang'ono." Mwamuna wothandiza kwambiri.

Koma ndinene zoona, kope silinena kwa munthu: zikundikomera. Zaka zinayi sanandiitanepo "mwana wanga" mpaka sabata ino. Zikundikomera, ndipo manyazi akundigwira.

Loweruka

Apongozi amaliza kuluka kansapato kamodzi ka ulu. Kakang'ono ngati chala changa chachikulu. Ndakayang'ana kamodzi, n'kutuluka panja.

Masana ndili kuseri ndi kagalasi, ndikuzula tindevu tanga, apongozi ndi awa. Basi, ndagwada pomwepo n'kunena zonse: mimba palibe, timatuza, adokotala, chingwe, ndowe za njovu, zonse. Misozi ndi mamina.

Ayang'ana chibwano changa nthawi yaitali. Kenako alowa m'nyumba. Nyimbo yaleka. Ndikumva sutikesi yawo ikukokedwa pansi pa bedi.

Mpunga wamadzulo sukumezeka. Tsiku lokhalo lomwe ndasunga malamulo, ndipo sindinachite kufuna.

Lamulungu

Chingwe ndinachimasula Lachisanu kuti ndipume. Lero mfundo sikufikanso pamchombo, yatsalira zala ziwiri. Malamulo asanu, maliro asanu. Anesi ndikawauza kuti njovu yokha ndiyo inayesetsa kundithandiza.

Titabwera kutchalitchi apongozi andiitana kuchipinda. Sutikesi ili yotsegula. Ndikudikira kumva za basi.

Atulutsa kachitsulo kozulira ndevu, kakale, kakuda ndi dzimbiri. Akweza chibwano chawo kuwindo. Timizu takuda, kuposa tanga!

"Ine seven years nenze nilibe mwana," akutero. "Ba pongozi banga benze basakila kale mukazi wina. Mubita anabwela late, monga mwamene abwelela ku nchito." Kenako motsitsa mawu: "Nenze naibala mwamene chimababila mu mtima."

Za ku Senanga sanatchule, inenso sindinatchule. Taseka mpaka Mubita wasuzumira, tam'thamangitsa.

Chitini cha shuga achitsekera mu sutikesi, kiyi pakhosi pawo. Nsapato zapezeka, zinali m'thumba la mpunga. Akuti aziyenda nane m'mawa, koma cha ku njanji, njovu sakuzifuna. Tiyi wamadzulo tamwa wowawa tonse awiri, nkhope zili tsinyaa.

Ndamanga mfundo yatsopano pachingwe. Thupi lakwera, mimba palibe, tindevu tilipo.

Panja apongozi atenganso singano zawo, ayamba kansapato kachiwiri. Ndawafunsa kuti n'ka ndani.

"Ulu siuola," atero, osadzutsa n'komwe mutu.