Mmene Juzi ya Amuna Anga Inakwerera Mpaka pa Mchombo

Masiku ano amuna anga akavula juzi saipachika pa msomali. Amaipinda n'kuiika pansi pa pilo, mbali yawo, ndipo ndikamayala pabedi amandiyang'ana manja. Sindiwadzudzula. Munthu amene anaona zimene anaona iwo nthawi ya kolona ali ndi ufulu wosakhulupirira mkazi wake.

Ine ndimaluka. Zipewa, timasokosi, mashawelo a ana akhanda, zonsezo ndimalukira masipoko a njinga (singano za m'sitolo zimanditerera m'manja). Ulusi ndinkagula kwa mayi wina pa Chinakanaka amene ankakapikula ku Limbe. Matenda atabwera, maminibasi anayamba kunyamula anthu ochepa, mtengo unakwera, mayi uja anasiya ulusi n'kuyamba tomato. Masukulu anatsekedwa, mpira unaima. Ana okha ndi amene sanasiye kubadwa.

Amuna anga, bambo a Tadala, amagwira ntchito ku nazale ya tiyi pa esiteti. Nyengo yozizira anthu ambiri amaimitsidwa, koma chaka chimenecho iwo anatsala. Kutsalako kunali ndi lamulo lake. Pageti mlonda ankakuloza pamphumi ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi, ndipo ukatsokomola pamzere ankakubweza. Ukakhalitsa kunyumba, malo ako ankalowa wina. Anthu ofuna ntchito ankabwera pageti m'mawa uliwonse kudzamvetsera amene atsokomole.

Tsiku lina kunabwera amayi a Esinati, akazi a kapitawo wa amuna anga. Anaima patali, pafupi ndi mtengo wa mapeyala, masiki ili pachibwano.

"Esinati wanga ali pafupi," anatero. "Ndikufuna shawelo ndi chipewa. Zobiriwira zokhazokha, musandisakanizire ngati chitenje. Ulusi ulipo?"

"Ulipo, amayi."

Unalipodi, koma wochepa. Kungoti akazi a kapitawo wa amuna ako suwauza kuti akayese kwina.

Ulusi unatha shawelo itatsala ngodya imodzi. Ndinafunsa pa Chinakanaka, ndinatuma munthu ku Thuchila, wobiriwira kunalibe. Ndili pakhonde, Tadala akuyamwa, maso anga anagwera pa juzi ya bambo ake imene anaisiya pa msomali popita kudimba masana. Ndinawalukira ndine tili pachibwenzi, mtundu womwewo, yaitali mpaka kuphimba matumba a buluku (nthawi imeneyo chikondi chinali chambiri, ulusinso unali wotchipa). Ndinailuka kuyambira kukhosi kutsika pansi. Juzi yolukidwa choncho ukangomasula mfundo ya pansi, ulusi umabwera wokha, sukana.

Ndinati ndingobwereka zala ziwiri zokha. Ndinamasula, kutsekanso m'munsi bwinobwino, kuibwezera pa msomali. Ulusi womasula umakhala wopotanapotana, ndiye ndinauviika m'madzi ofunda, kuupachika kuseri kwa nyumba n'kumangirira kamwala kuti uwongoke. Ngodya inatha. M'mawa mwake bambo a Tadala anavala juzi yawo n'kukwera njinga, osazindikira kanthu.

Chipewa chinadya zala zinayi. Pamalo amenewa juzi inali ndi dontho la penti wabuluu, wa tsiku limene ankapaka chitseko chathu. Ulusi utalukidwanso, pentiyo anabalalika chipewa chonse ngati timadontho. Amayi a Esinati atadzaona anasangalala.

"Timadontho iti mwatipanga bwanji?"

"Ndi luso, amayi."

"Ndiye muwonjezere timasokosi ndi kajuzi kake. Mdzukulu woyamba uyu."

Madzulo amenewo bambo a Tadala anaima pakati pa nyumba n'kumakokera juzi pansi. Akaisiya inkabwerera.

"Amayi a Tadala, juzi iyi mukuichapa ndi madzi otentha?"

"Ayi."

"Nanga ikufupikiranji?"

Ndinayang'ana mimba yawo, imene kunena zoona ili ngati thabwa, n'kunena kuti, "Mwina mukunenepa."

Anamwetulira. Anadzisisita pamimba. Anati nawonso akhala akumva kulemera pokwera njinga. Mawa lake anakauza anzawo ku nazale kuti ena kolona akuwaondetsa ndi nkhawa koma iwo thupi labwera, nkhani ndi kusamalidwa pakhomo. (Apa ndiye pamene ndikanasiyira. Ndikudziwa.)

Kajuzi ka mwana kamaoneka kakang'ono, koma kamadya ulusi ngati kali ndi abale. Pansi ndinali nditafika pa lamba, ndiye ndinasamukira kumanja. Ndinkachotsa mofanana, uku pang'ono, uku pang'ono, chifukwa ntchito yopendekera sindiikonda. Manja anafika pa zigongono. Pansi panakweranso mpaka pa mchombo. Iwo ankangoti, "Ndiye ndanenepadi," n'kumachepetsa chakudya kuti asapitirire.

Kenako chiperoni chinatsika m'phiri. Amene amakhala kuno akudziwa: nkhungu, kamvula kosalekeza, mphepo yolowa mpaka m'mafupa. Bambo a Tadala ankanyamuka kusanache pa njinga, mphepo ikulowera pa mpata wa pakati pa juzi ndi buluku. Ndinawauza kuti azimanga chitenje changa m'chiuno, anati iwo si ntchembere. Sabata isanathe anabwerera kunyumba dzuwa lisanakwere, akukankha njinga.

"Ndayetsemula," anatero. "Ndinayesa kugwira, chinatulukira m'mphuno. Mzere wonse unabalalika."

Kuchipatala anati ndi chimfine wamba. Koma a kapitawo anatumiza mawu kuti chifuwa chikapanda kutha pofika Lolemba, sangawasungire malo, anthu ali pageti. Ndinayamba ntchito. Ndinawafukiza masamba a bulugamu atafunda bulangete, ndinawamwetsa mandimu ndi jinja mpaka mano kuyayamira. Sindinayambe ndasamalapo munthu chotero. Iwo ankauza aliyense wodutsa kuti mkazi ngati ine kulibe. Ine ndinkangosonkhezera moto.

Loweruka kunatuluka kadzuwa. Anakhala pampando pakhonde atavala juzi yawo, mchombo uli pamtunda. Ndi pamene anatulukira amayi a Esinati, akuchokera ku sikelo ndi Esinati, khanda lili m'manja. Anaima patali paja n'kulitembenuza kuti ndione ntchito yanga. Mwana yense anali wobiriwira ngati munda wa tiyi, kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

Bambo a Tadala anayang'ana mwana. Anayang'ana juzi yawo. Anayang'ananso mwana, nthawi yaitali, makamaka chipewa.

"Amayi, tasendezani pang'ono mwanayo."

"Muli ndi chifuwa inu, bambo."

"Pang'ono pokha. Penti ameneyo ndikumudziwa. Ndi wa chitseko ichi."

Tonse tinatembenuka kuyang'ana chitseko. Chinali chabuluu monga mwa masiku onse.

"Mwana uyu," anatero mosakweza mawu, "kumutu wavala chiuno changa. Kumapazi wavala manja anga. Pachifuwapo ndi mimba yanga."

Esinati anabisa nkhope m'chitenje. Amayi ake anayamba kuseka, masiki n'kutsetserekera pakhosi, mpaka anapereka mwana kwa mwini wake kuti angamugwetse. Ine ndinali nditanyamula Tadala, ndipo ndinapeza kuti m'khutu mwake muli kanthu kofunika kuchotsa msanga.

"Ndiye mdzukulu wa kapitawo ndi amene wakudwalitsani," anatero amayi a Esinati akupukuta misozi. "Ndikawauza agogo ake. Akapereka malo anu kwa wina, akavule okha mwanayu n'kubweza katundu wa eni ake."

Alendo atapita, ndinadikira kukalipiridwa. Amuna anga akakwiya amayankhula Chilomwe, ndiye ndinatchera khutu kuti ndimve ayamba ndi chiyankhulo chiti. Anayamba ndi Chichewa, motsitsa.

"Amayi a Tadala."

"Wawa."

"Ndiye kuti sindinanenepe?"

"Ayi, bambo."

"Ngakhale pang'ono?"

"Mwina kumasaya."

Anagwira masaya awo, n'kulowa m'nyumba kukagona. Za juzi sanafunsenso. Chimene chinawapweteka n'chakuti anachepetsa chakudya pachabe.

Malo awo anawasungira mpaka chifuwa chinatha. Nkhani inafika ku nazale iwo asanafike, ndipo mpaka pano anzawo akamva kuti kwabadwa mwana kwinakwake amawauza kuti agwire juzi. Ine ndinabweza zonse zimene ndinabwereka, zala zake zomwezo, ndi ulusi wotsalira umene ndinali nawo m'thumba. Kuyambira pa mchombo kutsika pansi juziyo ndi ya pinki, manja ndi achikasu. Amaivala, chifukwa chiperoni sichiyang'ana mtundu.

Ndinaphunzirapo, musaganize kuti ayi. Dzana kunabwera mayi wina wa kuseri kwa tchalitchi, akuti mng'ono wake wabereka mwana wamkazi, akufuna chipewa cha pinki ndi timasokosi take. Ndinamuuza kuti panopa sizingatheke, abwere kukayamba kutentha.