A Varga ndi Mipando ya Eni Ake

"Iwe mtsikana, kodi kudzuka umadziwa?"

Limeneli ndi funso limene a Lorenzo Varga anandifunsa tsiku loyamba, ine nditaima pakhomo pawo, milomo nditapaka, chithunzi changa chili m'manja. Ndinaganiza kuti akundiyesa za sewero. Ndinadzigwetsa pakhonde pomwepo, n'kudzuka pang'onopang'ono ngati mayi amene wangouzidwa kuti mwamuna wake wafera kunkhondo.

"Wachedwa," anatero. "Eni ake aima kale pambali pako, akukuyang'ana. Komanso waswa mphika wa maluwa anga."

Ku Van Nuys kuno, dera lathu la mu Los Angeles, aliyense ankawadziwa a Varga ndi chinthu chimodzi: sankatha kuona mpando wopanda munthu. Ena amadana ndi mphemvu, ena fungo la fodya. Iwo mpando ukangokhala wokha, thupi lonse linkawayabwa mpaka atakhalapo.

Nthawi imeneyo n'kuti nditangosiya sukulu. Ndinaona kuti samu sizingandifikitse pa kanema, ndipo ine chimene ndinkafuna n'choti anthu azinditchula dzina, Yesenia Quintanilla, osalakwitsa. Amayi anga, amene amagulitsa mapupusa, zikondamoyo za chimanga zoika nyemba kapena nyama mkati, pangodya ya msewu wathu, anakandilembetsa kusukulu ya masana ya anthu osiyira panjira. Ine phazi langa silinapondeko. Tinkakangana za nkhaniyi m'mawa, masana ndi madzulo, ngati mankhwala.

Amene anandituma kwa a Varga ndi a Hakob, ometa tsitsi. "Ukuvutikiranji?" anatero. "Khomo lachiwiri kuchokera kwanu muli munthu amene ali nazo zitatu mwa zinayi zija." Kuno ngakhale mwana wa mkaka m'mphuno amazidziwa mphoto zinayizo: ya mafilimu, ya pa TV, ya nyimbo ndi ya zisudzo. Amene anazipata zonse ndi ochepa moti angakwane m'basi imodzi. A Hakob anandilozera zithunzi pakhoma. Zoonadi, a Varga anali pamenepo, suti yakuda, mzere wakutsogolo, pakati pa akatswiri amene ine ndinkalota usiku.

Koma nditalowa m'nyumba mwawo ndinangoona bedi, ketulo, ndi suti ija ikulendewera pachitseko.

"Nanga zikho zili kuti?"

"Zikho za chiyani?"

"Zimene munawina."

"Ine ndine wodzaza mipando, mwanawe." Anaziyankhula ngati munthu amene akukuuza kuti ndi dokotala wa mtima. "Mwambo wa mphoto umatalika. Akuluakulu aja amamwa, ndiye chikhodzodzo sichidziwa kuti munthu ndi wotchuka. Akanyamuka kupita kuchimbudzi, kamera ione mpando wopanda munthu? Dziko lonse liziti mwambo wazizira? Pamenepo m'pamene timalowa ife."

"Amakulipirani zingati?"

"Kulipira? Ngakhale madzi akumwa satipatsa."

"Ndiye dzina lanu amalitchula?"

"Akalitchula ndiye kuti ndalakwitsa penapake."

Munthuyu moyo wake wonse ankapenta nyumba za anthu, koma iye mwini ankadziwerengera pamodzi ndi ochepa aja. Miyambo itatu ya kuno ku Los Angeles anali atakhalako kale. Unatsala wa zisudzo, wa ku New York, kumene odzaza mipando amawasankha pochita mayere, ndipo dzina lawo linkangokanika chaka ndi chaka. "Ndikangokhala pamenepo, zakwana zinayi," ankatero. "Kenako mundiike m'manda."

Vuto linali lakuti ntchitoyi sankaisiya kumwambo. M'basi ankasamuka mpando uliwonse munthu akatsika, moti pofika m'tauni amakhala atakhalapo yonse, woyendetsa akuwayang'ana pagalasi kuopa kuti wake uli m'njira. Kwa a Hakob, kasitomala wina anadzuka pakati pometa kukayankha foni panja. A Hakob, maso ali pa mpira wa pa TV, anapitiriza kumeta mutu umene anaupeza pampandopo.

"Iii, achimwene! Tsitsi lanu layera liti?"

A Varga phee. Lamulo loyamba la ntchito yawo linali loti pampando wa eni suyankhula. Anayenda mwezi wonse mutu uli mbali imodzi yosalala ngati dzira.

Koma yomwe anthu saiwala ndi ya ukwati wa msuweni wanga Noemi. Mkwati anatuluka pang'ono kukasuntha galimoto. Potembenuka tinangoona a Varga akhala pambali pa mkwatibwi, msana chilili, akumwetulira mwaulemu. Azakhali ena ochokera kumudzi kwathu ku San Miguel, amene anafika mochedwa, anabwera kudzawapsompsona, kenako anakokera amayi pambali.

"Mwanayu mwamugulitsa kapena? Mwamunayu afika Khirisimasi?"

Mkwati atabwera, a Varga anadzuka mwachangu moti mpando sunalire n'komwe. "Waona?" anandinong'oneza. "Kukhala aliyense amatha. Luso lili podzuka."

Ine ndinakakamira kwa iwo chifukwa ndinaona kuti ngakhale khomo lakumbuyo ndi khomo ndithu. Ankandiphunzitsira kochapira zovala, pamipando yapulasitiki. Mayi akanyamuka kukaona makina, ine thi! pampando. Akabwera, ndidzuke. Zinkandikanika. Ndinkafuna mayiyo andifunse kaye kuti ndine ndani.

"Kamera usaiyang'ane!"

"Kamera yake iti?"

"Ya akuba iyo, pamwambapo. Waibayibitsa kawiri."

"Nanga munthu angadziwike bwanji osayang'ana kamera?"

"Ndani wakuuza kuti tikufuna kudziwika?"

"Nanga tikufuna chiyani?"

"Kuti m'nyumba muoneke modzaza."

Mpaka lero yankho limeneli ndimaliganizira, ndipo sindidziwa ngati linali lanzeru kapena lamisala.

Ndiye chaka chatha mayere anawagwera. Msewu wonse unatekeseka. A Hakob anawameta mbali zonse ziwiri, ulere. Amayi anawakulungira mapupusa a paulendo. Ine ndinawapatsa chithunzi changa chija, nambala ya foni nditalemba kumbuyo.

"A Varga, chonde. Mukakhala pafupi ndi bwana aliyense wa zisudzo, mungomuika m'thumba. Kapena mungotchula dzina langa, ngakhale motsokomola. Apo ayi amayi andikokera kusukulu ndi khutu."

Anangochilandira n'kuchiika m'thumba la suti.

Tsiku la mwambo tinadzazana kwa a Hakob dzuwa likanali pamwamba, poti ku New York kumada msanga. Tinawasaka pa TV mpaka maso kuwawa. Kenako inafika mphoto ya mwamuna wochita bwino sewero, ndipo woulutsa ananena kuti nkhalamba ina, a Osgood Brandt, ikawina imeneyi ndiye kuti yakwanitsa zonse zinayi. Anang'amba envelopu. "Osgood Brandt!" Kamera inathamangira pampando wa a Brandt.

Panali a Varga. Akuwomba m'manja.

Kometera tsitsi kunaphulika. "Wawina! Mkulu wa mipando wawina!" anakuwa a Hakob, lumo lili m'mwamba.

"Sanatchule iwo," ndinatero.

"Nanga ameneyo ndi ndani? Mutu umenewo ndameta ndine!"

Nyimbo inkalira, anthu aimirira, a Brandt osaoneka. Pansanja mayi wopereka mphoto anangoima, chikho chili m'manja, akuyang'ana uku ndi uku. Ine ndinaona nkhope ya a Varga ikusintha, ndipo ndinaidziwa. Inali nkhope ya m'basi. Anali ataona malo opanda munthu kutsogolo kwa maikolofoni.

Ananyamuka, nakwera masitepe, nakaima pamenepo. Akuluakulu okalamba akavala suti yakuda amafanana, moti theka la holoyo linawonjezera kuwomba m'manja. Mayi uja anawapatsira chikho. Iwo anaika manja kumbuyo. Holo yonse inati zii, kudikira mawu.

Ndinagwada pansi pa TV, pamatsitsi a anthu. "Yesenia Quintanilla," ndinkanong'ona. "Nenani, a Varga. Ye-se-nia."

Iwo anangomwetulira mwaulemu, maso ali pambali pa kamera.

"Mwina chingerezi chawathawa," anatero amayi.

"Akulira chamumtima, asiyeni," anatero a Hakob.

Posakhalitsa kunatulukira nkhalamba ina ikuthamanga pakati pa mipando, ikumanga lamba, manja onyowa: a Brandt eni ake. A Varga atangoiona anasuntha phazi limodzi, natsika, osacheuka. Ndipo poti mpando wa a Brandt unali wopanda munthu tsopano, anakakhalaponso, n'kuyamba kuwomba m'manja.

Usiku womwewo dziko lonse linkafunsa kuti mkulu uja ndi ndani. Atolankhani anawasaka, koma iwo anali atakwera kale basi ya kubwalo la ndege. A Hakob mpaka pano amatsutsana ndi makasitomala kuti amene anayamba kukwanitsa zinayi tsiku limenelo ndi a Varga, chifukwa pansanja anafika ndi iwo poyamba.

Atabwerera ndinawadikirira pakhomo, mtima uli fuu.

"Dziko lonse limakumverani! Mawu awiri okha!"

Anatulutsa chithunzi changa m'thumba n'kundibwezera, chili chosalala ngati achisita. "Malo aja anali a eni, mwanawe. Ndikanatchula dzina lako, likanachoka nane limodzi eni ake atabwera."

"Ndiye ine ndipange bwanji?"

Asanayankhe, amayi anatulukira pawindo. "Bambo Lorenzo, musataye naye nthawi ameneyo. Aphunzitsi aimbanso foni. Akuti mpando wake wangokhala kuyambira tsiku lotsegulira."

Ndinaona khutu la a Varga likugwedera.

"Wangokhala?" anafunsa. "Wopanda munthu?"

Mawa lake masana ndinawaona akudutsa atavala suti yakuda ija, akulowera kokwerera basi. Tsiku linalo chimodzimodzi. Ndinamva kwa mnzanga wina wa m'kalasimo kuti kwabwera nkhalamba imene imakhala pampando wanga, mzere wachiwiri. Siyankhula, silemba, koma aphunzitsi akamaliza samu pabolodi imawomba m'manja. Poti sukuluyo imalandira ndi akuluakulu omwe, alonda ankangoipatsa moni.

Ndinkafuna nthaka indimeze. "A Varga, mukundichititsa manyazi!"

"Ine ndikugwira ntchito."

"Mpaka liti?"

"Lamulo ukulidziwa. Timadzuka eni ake akabwera."

Ndinaganiza kuti atopa. Iwo ankaganiza kuti ndibwera. Tinakokana choncho mpaka mvula yoyamba, ndipo anthu a mumsewu anasokonezeka n'kumandiyamikira kuti ndabwerera kusukulu, chifukwa amayi anasiya kulandira mafoni. A Varga mawondo anali atayamba kuwavuta. Kukwera basi kunkawatengera nthawi, koma tsiku la sukulu sankajomba.

Anamwalira Lamlungu m'mawa, pabedi pawo, ketulo ili pamoto. A Hakob anati aka n'koyamba munthuyu kupezeka pamalo akeake, kenako anatulukira panja kukapukuta magalasi amene anali oyera kale.

Kumaliro kunabwera mayi wina wamfupi amene sitinkamudziwa, ndi gulu la anyamata ndi atsikana. Anati ndi Mayi Tanaka, aphunzitsi a samu.

"Zaka zonse ndaphunzitsa, palibe anandiwomberapo m'manja," anauza amayi. "Ndinkawafunsa kuti bambo, ndikulembeni dzina? Iwo ayi. Tsiku lina atatuluka panja ndi pamene anandiyankha, akuti eni mpando atuluka pang'ono, abwera. Tsopano anawa akukana kukhalapo, akuti pali eni. Kodi eni akewo mukuwadziwa?"

Amayi sanandiyang'ane n'komwe, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kukokedwa khutu.

Masiku ano msewu wathu uli ngati m'kamwa mochoka dzino. Kwa a Hakob munthu akadzuka kukayankha foni amacheuka kaye, n'kupeza mpando wake uli momwe anausiyira, ndipo amabwerera ngati wakhumudwa. M'basi mipando ili mbwee, palibe akuisamala. Kochapira zovala azimayi amasiya zikwama pamipando, kenako n'kuzichotsa okha mwamanyazi, poti palibenso woti amutchingire. Sindinkadziwa kuti kwathu kuno kuli mipando yambiri chonchi.

Ine sindinamvetsebe kuti munthu angakhale bwanji kutsogolo kwa dziko lonse n'kutseka pakamwa. Samu sindikuzifunabe, ndipo kutchuka ndikukufunabe, musandinamizire kuti ndasintha. Koma ndaganiza kuti Lolemba ndikupita kwa Mayi Tanaka. Ndikalowa mochedwa pang'ono, mwadala, kuti kalasi yonse itembenuke ione kuti eni ake afika.