Dazi Langa ndi Ndege ya Mapu

Wotsutsa aimirire ndimuone nkhope! Ine ndinayamba kuthyola tiyi ku esiteti inu mukadali kumsana, ndipo dazi mukulisekali ndi limene linapulumutsa nyumba yanga. Siyani kaye kugulitsa nthochizo mumve.

Kuchigwa kwathu kunabwera kandege, kumangozungulira ngati mphamba waona anapiye. Mayi wina wojambula mapu anatiuza kuti kamaponya kuwala pansi, kuwalako kukagunda dothi n'kubwerera. Kukabwerera msanga ndiye kuti malowo ndi okwera, kukachedwa ndi otsika, ndipo nyumba zopezeka kotsika zisamuke kuopa madzi osefukira. Yanga ili m'mbali mwa mtsinje mwenimweni, pamodzi ndi nthochi zanga ndi mapeyala amene anadzala malemu bambo anga. Mtima unandiwawa, nsabise.

M'mawa mwake ndinameta titsitsi totsalira ndi lezala, ndinatapa mafuta ophikira mayi akunyumba akukalipa, ndinapukuta mutuwu mpaka ntchentche imene inafuna kuterapo inatsetsereka n'kuthyoka mwendo, kenaka ndinaima pabwalo njo, kudikira. Mukumva? Kandege kafika, kaponya kuwala kuja, kugunda dazi langa phaa, ndipo kunabwerera ndi liwiro loti kunafika m'ndegemo asanakuponye n'komwe, kotsalako kunamwazikira m'munda wa tiyi n'kuumitsa masamba m'madengu ali kumsana, moti amayi othyola anawiritsa tiyi pompo osadzera ku fakitale, atambala a ku Bvumbwe analiranso masanasana poyesa kwachanso, ndipo makina a m'ndegemo, atasowa chonena, analemba kuti pano pali phiri loposa la Mulanje. Ndikulumbira, pali Mulungu kumwambaku!

Anansi ataona anayamba kufuula: “Achimwene, tibwerekeni mutuwo!” Ine si womana. Ndinathamanga khomo ndi khomo, kandege kali pambuyo, kwa alamu, kwa abusa, mpaka kwa uja amandibera mapeyala, ndipo pamapu panatuluka mapiri asanu ndi anayi ondondozana mumtsinje. Mpaka lero ndege zikafika pamwamba pa nyumba yanga zimakhota, kuopa kugunda.

Ndiye ndimakhala mosangalala, abale anga. Palibe anandisamutsa. Ndikadzuka ndimamwa tiyi wanga pansonga pa phiri, miyendo ili m'mthunzi wa peyala la bambo, achule akulira pafupi.

Mukuti chiyani, amayi inu a nthochi? Munandiona padenga ndi nkhuku m'manja mvula yapitayi? Eee, ndinali ine, sindikana. Madzi analowa mpaka pawindo, mphasa n'kupita, ndipo mayi akunyumba anatha sabata osandiyankhula. Koma mundiimbe mlandu wanji? Mapu alipo, ali ndi chidindo, akunena poyera kuti pakhomo panga ndi paphiri. Osaphunzira ndi madziwo, sadziwa kuwerenga mapu.