Mbewa Yodya Mawu

Nkhani iyi anthu a kuno amaikamba moiwonjezera mchere, choncho bola ndiikambe ndekha, manyazi ake ndisenze mwini wake. Mukamaseka muzisekera kumbali.

Nthawiyo n'kuti ndikuphunzitsa pa sekondale ina yoyendera m'tsinde mwa phiri la Michesi. Kwathu ndi ku Ntchisi, kuno linandiponya ndi boma. Chaka chimenecho bungwe lina linatipatsa makompyuta awiri, pirinta ndi kajenereta. Pa msonkhano wa aphunzitsi ahedi athu, a Gondwe, anafunsa ngati panali wina amene anagwirapo kompyuta.

Ine dzanja m'mwamba. Sindinaname ayi. Ndinaigwirapo ndithu, tsiku lina ku koleji atatipempha kuti tiinyamule kupita nayo ku ofesi ina.

Chimene chinakweza dzanja langalo sichinali nzeru. Anali Fainesi, mphunzitsi wa Sitandade 3 pa pulayimale yoyandikana nafe. Ndinkamufuna banja, koma ndikakumana naye panjira ya ku Migowi, m'kamwa mwanga munkangotuluka za mvula ndi za nandolo. Ndiye panalinso malume ake, a Nampeya, wapampando wa komiti ya sukulu yathu. Kuno nkhani ya banja imathera kwa malume, ndipo maganizo a a Nampeya pa aphunzitsi obwera ankadziwika ndi aliyense.

"Anthu inu mumakwatira thiransifa ili m'thumba," ankatero. "Mwana akangoyamba kukwawa, inu mwakwera lole!"

Ndinati mwina katswiri wa kompyuta angamuone ndi diso lina.

Sukulu inakonza mwambo wolandira makompyutawo, ndipo mlendo wolemekezeka anali mayi wina wamkulu wochokera ku ofesi ya maphunziro. A Nampeya ndiwo amayenera kulankhula m'malo mwa makolo. A Gondwe anabwera ndi nzeru yakuti sipichi yawoyo itayipidwe pa kompyuta yomweyo, alendo aone kuti mphatso yayamba kale ntchito. Wotayipa? Katswiri uja.

Masana a tsiku loti mawa ndi mwambo, ananditsekulira chipinda, nandipatsa mapepala a a Nampeya olembedwa pamanja.

"Be quick, a Phiri," anatero a Gondwe. "Mafuta a jenereta ndi omwewo a chimkuzamawu cha mawa."

Ndinayamba ndi zala ziwiri, maso ali pa mabatani ngati nkhuku yotola mapira. Pa sikirini panali tinthu tiwiri. Kena kanali kamuvi, kamene kankayenda ndikasuntha kachipangizo kamchira kaja, kamene tonse pasukulupo tinkangokatchula m'Chichewa kuti mbewa. Kena kanali kamzere koimirira, kongothwanimathwanima. Kameneka sindinakalabadire. Ndinkayesa ndi chilema cha sikirini, poti zinthu zopatsidwa sizilephera kachilema.

Nditamaliza ndime yoyamba, ndinaona kuti ndalemba "makole" m'malo mwa "makolo". Ndinayendetsa kamuvi mpaka pamenepo n'kudina mbewa. Koma m'malo modina kamodzi, chala chinangoti tete-te, katatu! Ndime yonse inada bii. Ndinati mwina ndi mmene imasonyezera kuti yamva. Ndinadina "o".

Ndime yonse psiti! Patsamba panangotsala "o" mmodzi, atayasama ngati ine.

Ndinayang'ana kuseri kwa sikirini. Ndinayang'ana pansi pa tebulo. Kenako nzeru za mwana wa mlimi zinabwera: chinthuchi sanachitche mbewa pachabe. Mbewa ntchito yake n'kudya za m'nkhokwe. Ukaifinya, imadya mawu. Ndinalumbira pomwepo kuti kuyendetsa ndiziiyendetsa, koma kuidina, ndasiya.

Ndinayambiranso. Ndikalakwitsa pamwamba, ndinkafufuta chobwerera m'mbuyo mizere yonse mpaka kukafika polakwikapo, n'kulembanso. Thukuta linali kamukamu, koma sipichi inatha.

A Gondwe analowa kudzayendera. Anawerenga ndi chala pagalasi, n'kuima pakati pa tsamba.

"Apa mwadumpha 'kuti'. Akunena kuti, 'Ndipo inu mayi mlendo wathu wolemekezeka, ndikufuna ndikuuzeni mosabisa kuti sukulu ino ilibe zimbudzi zokwanira.' Pepani pang'ono."

Anagwira mbewa, n'kuidina kamodzi. Ine ndinatseka maso. Nditatsegula, mawu onse anali pomwepo, ndipo a Gondwe anali atalowetsa "kuti" wawo pamalo pake. Ndinangoti basi, nayo mbewa imadziwa ahedi.

"Ndikukatenga mapepala a pirinta," anatero, n'kutuluka.

Apa ndi pomwe Satana anandipeza ndili ndekha. Ndinaganiza kuti popeza pakamwa pamandikanika, bwanji ndilembe mawu oti ndikamuuze Fainesi, ndiwaone mmene akuonekera, ndiwaloweze, kenako ndiwafufute? M'munsi mwa tsamba munali malo oyera. Ndinaperekeza kamuvi mwaulemu mpaka pamenepo, osadina, ndipo ndinaweramira mabatani n'kukhuthula zonse za kumtima.

Nditadzutsa mutu, m'munsi muja munali moyera ngati kale.

"Wadyanso!" ndinaiuza mbewa. Koma sindinadandaule kwambiri. Ndinati yandipeputsira ntchito yofufuta.

Posakhalitsa jenereta inayamba kutsokomola. A Gondwe anathamanga, napirinta msangamsanga, napinda pepala n'kuliika mu envulopu, ulendo kwa a Nampeya. Ndinamva pambuyo pake kuti mkuluyo sanalitsegule n'komwe. Akuti mawu ndi ake omwe, palibe choyeserera.

Kutacha, bwalo linadzaza. Njinga zinali mbwee pansi pa mitengo, makolo ochokera mpaka ku Nazombe. Mlendo anakhala kutsogolo pa sofa yobwereka, akazi a a Nampeya pambuyo pake, ndipo Fainesi anaima chapambali ndi kwaya ya ana ake. Ine ndinavala tayi.

A Nampeya anaimirira, navala magalasi, nagogoda chimkuzamawu.

"Ndisanayambe, dziwani kuti mawu awa sanalembedwe ndi bolopeni ayi. Atuluka mu kompyuta! Ndipo wawatulutsa ndi katswiri wathu, a Phiri. Taimani akuoneni!"

Ndinaima. Anthu anawomba m'manja. Fainesi anamwetulira. Kunena zoona, mphindi imeneyo ndinasangalala kwambiri, ndipo ndimaikumbukirabe chifukwa inali yomaliza.

Mkuluyo anawerenga bwino za makolo, za bungwe, za chitukuko. A Nampeya anagwirapo ukapitawo ku minda ya tiyi, ndipo lamulo lawo linali limodzi: cholembedwa chimawerengedwa chonse, osadumpha. Anafika pakati pa tsamba, natembenukira kwa mlendo.

"Ndipo inu mayi mlendo wathu wolemekezeka, ndikufuna ndikuuzeni mosabisa kuti chikuonereni, ine sindipeza tulo."

Mlendo anasiya kudzikupiza ndi pulogalamu.

Ine mawuwo ndinawazindikira ngati mmene umazindikirira mbuzi yako m'munda mwa eni.

"Mukamadutsa," anapitiriza a Nampeya, mawu akuchepa koma osaima, "mtima wanga umagunda ngati chigayo cha dizilo cha pa Chiringa."

"Ee-e!" anatero amayi ena kumbuyo. Akazi a a Nampeya anaimirira n'kumanga chitenje bwinobwino.

"Abambo, mukuti chiyani?"

"Ndikuwerenga zolembedwa, mayi! Khala pansi!" Anakonza magalasi. "Malume anu aja ndi ouma ngati nyemba za kalongonda zosawiritsa, koma ine sindiwaopa."

"Malume anga anamwalira kalekale," anatero mlendo, polankhula ndi a Gondwe, koma chimkuzamawu chinatola.

Ana a sukulu anali atagona pansi ndi phwete. A Gondwe ankandiyang'ana. Ine ndinkayang'ana Michesi, kuyeza ngati munthu wovala tayi angakwere phirilo osapuma.

"Ine Gilesham Phiri ndalumbira," a Nampeya anawerenga pang'onopang'ono tsopano, ngati munthu amene wayamba kuona kumene njira ikupita, "ngakhale andipatse thiransifa, pano sindichoka popanda inu, Fainesi, sukulu ino ilibe zimbudzi zokwanira."

Phokoso lake! Ena nthungululu, ena mluzu. Mkulu wina anagwa pa benchi. Fainesi anabisa nkhope m'buku la nyimbo, ana ake a kwaya akumuloza.

A Nampeya anapinda pepala, namaliza ndi "Zikomo", n'kukhala pansi.

Mwambo utatha anandiitanira ku ofesi ya ahedi. Munali a Gondwe, a Nampeya, ndi pepala lija patebulo ngati mboni.

"Aphunzitsi," anayamba a Nampeya, "kalongonda ameneyu ndine?"

"Ayi bambo, ndi mbewa."

"Mbewa ndi kalongonda?"

"Ayi, ndikuti mbewa inadya mawuwo. Ine ndinalemba m'munsi, iyo inadya."

"Inadya, n'kudzalavulira m'kamwa mwanga?"

A Gondwe anagwira mutu. "A Phiri, mutaloza m'munsimo, did you click?"

"Sir, ndikadina imadya."

"Mukadina katatu imasankha ndime yonse, ndiye mukalemba chilembo, ndime ija imachoka! Kudina ndi kamodzi! Kamuvi n'kongolozera basi. Mawu amagwera pamene pali kamzere kothwanima kaja, ndipo kamzereko kanali pamene ndinakasiya ine, pamene pathera 'kuti'!"

"Kaja si chilema?"

A Gondwe anangondilozera chitseko.

Potuluka ndinakumana ndi mlendo akukwera galimoto. Anatsitsa galasi.

"Ndinu a Phiri a chigayo? Aphunzitsi ambiri amandivutitsa kuti ndiwachotse kuno. Inu ndinu woyamba kulumbira pagulu kuti simuchoka. Ndamva, ndipo ndikakumbukira."

Galimoto inanyamuka, fumbi lake n'kutsalira pa tayi yanga.

A Nampeya anali atatsamira njinga yawo, akumanga mwendo wa buluku ndi mphira. Ndinayandikira manja ali kumbuyo, nditakonzeka kumva kuti pakhomo pawo ndisadzapondepo.

"Amayi aja akuti chiyani?"

"Akuti thiransifa ndiiwale, bambo."

"Ndiye kuti m'thumba mwanu ndi moyera, mulibe thiransifa." Anakwera njinga. "Uzani ankhoswe anu abwere. Koma asadzavutike ndi kufunsira. Ndafunsira kale ine, pa chimkuzamawu. Angobwera kudzamva yankho."

Yankholo Fainesi anandipatsa yekha mawa lake panjira ya ku Migowi, ine nditayamba kale za nandolo.

"Zasiyeni za nandolo, a Phiri. Ndavomera. Koma mundiuze, pa mawu onse aja, anu anathera pati? Za zimbudzizo zinalinso zanga?"

Mpaka lero ndili m'tsinde mwa Michesi, pamudzi pa akazi anga. Ofesi ya maphunziro inasunga lonjezo lake mokhulupirika kuposa mmene ndinkafunira. Ana amene ndinawaphunzitsa chaka chimenecho ali ndi ana awo, ndipo nawonso akandiona amati, "Mwadzuka bwanji a Chigayo?"

Pa kompyuta ngakhale pa chibwenzi, wongoloza osadina mawu ake amakatulukira m'kamwa mwa malume.