Mbendera za a Msoko

Anthu ena akaona mbendera amavula chipewa, ena amaima njo, asilikali amachita sawatcha. Malemu a Msoko ankaitembenuza kuti aone kasokedwe kake. Ndiko kunachokera dzinalo, ndipo dzina lawo lenileni ngakhale alongo awo ankachita kulikumbukira movutikira. Kaya ndi mbendera ya pa galimoto ya nduna, kaya ya timu ya mpira, kaya kambendera ka pa desiki ya bwana, iwo ankafika nayo pafupi, kuigwira m'mphepete, kuikoka pang'ono, kenako n'kugamula mlandu: "Boma ili silikhalitsa. Taonani ulusi wake." Nthawi zina zinkachitikadi, poti maboma ambiri sakhalitsa, ndipo zikatero a Msoko ankayenda sabata yonse mapewa ali m'mwamba ngati aligwetsa okha.

Nkhani zawo zimakambidwabe mumsewu wonse, ndipo aliyense amaseka mpaka misozi, kupatula munthu mmodzi. Ameneyo ndi mphwawo, mwana wa alongo awo, kalaliki wosunga katundu ku ofesi ya khonsolo. Amaseka nawo, inde, koma kuseka kwa mano okha. Anakulira pa khonde la amalume akewo, pafupi ndi makina awo osokera opalasa ndi mapazi, choncho nkhanizo amazidziwa kuposa ozikambawo. Amadziwanso ina imene anzakewo saidziwa.

Utelala a Msoko anauphunzira pa nthawi ya atsamunda, pamene kampani ya kutsidya kwa nyanja inayala njanji n'kumanga fakitale ya thonje kumapeto kwa tauni. Thonje linkakwera sitima lili m'mabelo, n'kukabwerako lili nsalu, "litaphunzira sukulu, osatipatsanso moni," monga ankanenera eni ake nkhaniyo. Ntchito yawo yoyamba yaikulu inali mbendera ya ufumu wa atsamundawo, yokakweza pa ofesi ya Bwana Disi. Pakati pake pankafunika mkango. A Msoko anali asanauonepo mkango chibadwire, koma mbuzi anali ataziona zambiri.

"Telala, ichi n'chiyani?" anafunsa Bwana Disi ataitambasula.

"Mkango, bwana."

"Mkango wa nthiti zoonekera chonchi? Nanga ndevuzi?"

"Wachokera kutali, bwana. Pa sitima sankaupatsa chakudya, komanso kunalibe wometa."

Akuti bwanayo anafiira mpaka m'makutu, koma mwambo unali mawa lake. Mbuziyo inakwera pamtengo n'kulamulira boma lonse mpaka pamene mvula inaisukulutsa.

Mphepo ya ufulu itayamba kuwomba, a Msoko ankasokera onse. Pakhonde ankasoka ya atsamunda, kuseri kwa chitseko ankasoka ya anyamata omenyera ufulu, ya mizere ndi nyenyezi pakati. Tsiku lotsitsa mbendera yakale, anyamata anaikhwatula isanafike n'komwe pansi, wina atatulutsa kale machesi. A Msoko anawagwera pakati, tepi yoyezera ikulendewera m'khosi.

"Otchani ufumuwo ngati mwaupeza, koma nsalu iyi ayi! Thonje lake analima ndi amayi anu!"

"Ndiye mukachita nayo chiyani, madala?"

"Muona."

Patapita masiku ochepa anatulukira pamsika atavala buluku la zigamba ziwiri kumbuyo, mutu wa mkango uku, mchira uku.

"Anatikhalira nthawi yaitali," anatero potembenuka kuti aliyense aone bwino. "Tsopano ndi nthawi yanga yowakhalira."

Bulukulo analivala mpaka linatheratu, ndipo ankakhala pansi mwamphamvu ngakhale pamene panalibe chifukwa chokhalira.

Kuyambira pamenepo, chaka chilichonse tsiku lokumbukira ufulu likamayandikira, ankasoka mbendera yatsopano ya pa khonsolo. Ankaikulunga m'nyuzipepala n'kukaipereka okha, atavala jekete ngakhale kutatentha bwanji. Malipiro ankakana. "Mwana akawasokera diresi mayi ake, amawalipiritsa?"

Koma dziko silinaime kudikira makina opalasa. Fakitale ija boma linaitenga n'kuipatsa dzina lalitali la ufulu, kenako lina lalitali kuposa pamenepo, kenako linaipatsa loko. Nsalu, malaya, ngakhale mipango yopukutira thukuta inayamba kubwera kuchokera ku mafakitale a maiko amene a Msoko sankatha n'kuwatchula komwe. Matelala anzawo anasanduka ochepetsa mabuluku a kaunjika. Iwo anatsala ndi chinthu chimodzi chokha chowayendetsa mutu uli m'mwamba, ndicho mbendera ya pa khonsolo.

Ndiye kunabwera lamulo lochokera ku likulu, loti maofesi onse azikweza mbendera zofanana, zodinda ku fakitale. Zinafika m'katoni, zoterera, zonyezimira, zofanana ngati mazira, ndipo amene anatsegula katoniyo anali kalaliki mwini.

Anafunadi kukawauza amalume ake. Ataweruka anapita kukhonde kuja mawu atawakonza bwinobwino, n'kuwapeza akulimbana ndi singano. Maso anali atayamba kale kuchita ng'ala. Ankanyambita ulusi, kuphonya bowo, kunyambitanso, kuphonyanso.

"Wabwera bwino, mphwanga. Tandilowetsera ulusiwu. Ya chaka chino iposa zonse."

Kalaliki analowetsa ulusiwo, ndipo mawu aja anabwerera nawo kunyumba.

Mbenderayo itabwera m'nyuzipepala mwake anailandira ndi manja awiri, n'kuthokoza m'malo mwa khonsolo yonse. Kuitaya sakanatha. Kuisunga m'kabati ya ku ofesi, bwana akanaiona. Anapita nayo kwawo n'kuiyala pansi pa matiresi, ndipo pamtengo anakweza ya m'katoni.

M'mawa wa tsikulo a Msoko anaima tsidya la msewu, dzanja lili pamphumi, wometa ndi wokonza njinga atawazungulira. Chimene maso awo ankaona chinali mitundu chabe ikugwedezeka m'mwamba, koma zinawakwanira.

"Mukuiona? Taonani mmene ikuvinira."

"Chaka chino mwadziposa, madala," anatero wometa. "Nyenyezi yake ngati mwachita kuyeza ndi rula."

"Dzanja limakhwima ndi ukalamba, mwanawe."

"Nanga kunyezimiraku?" anafunsa wanjinga.

"Chinsinsi cha ntchito. Ndikakuuza, mawa usiya matayala n'kutsegula shopu pafupi ndi ine."

Kalaliki anamva zonsezi ali pawindo, ndipo tiyi wa tsiku limenelo anamuwawira.

Amati bodza lilibe mwendo, koma ili silinkafuna mwendo, linali ndi bedi. Chaka chinatha, china chinabwera, ndipo nsalu za a Msoko zinali zochindikala, zosokedwa mbali zonse ziwiri. Matiresi anayamba kukwera.

"Bambo, chaka chamawa tidzafuna makwerero," anatero mkazi wa kalaliki tsiku lina akuyala. "Kawauzeni amalume anu. Ine ndatopa kugona pamwamba pa dziko."

"Ndiwauza mvula ikatha."

Mvula inatha.

"Ndiwauza akachira chifuwa chija."

Chifuwa chinachira, n'kubwera nyamakazi. Pakali pano mbendera zobwera m'nyuzipepala zija zinkanka ziipiraipira. Mizere inayamba kukhota, nyenyezi inayamba kuoneka ngati phazi la bakha, pena ulusi wakuda pansalu yoyera. Kalaliki ankadzitonthoza kuti akuwateteza amalume ake, poti chinthu chotere chikanakwera pamtengo anthu akanafa nacho chiseko. Koma mumtima ankadziwa kuti yoyamba ija inalibe chilema chilichonse, ndipo anaibisabe. Ankateteza ntchito yake, komanso ankaopa kuona nkhope ya mkuluyo ikugwa. Unali mantha basi, ndipo ankadzida nawo.

Pamzere wa mashopu ulemu wa a Msoko unkangokula. Mlendo akafika, wometa ankamutulutsa panja thovu lili kumaso kuti akamuonetse. "Mukuiona iyo? Wasoka ndi mkulu uyo apo, maso alibe, koma taonani!" A Msoko ankangogwedeza mutu modzichepetsa, kudzichepetsa koti aliyense akuone.

Chaka chimene miyendo inawatupa, osathanso kupalasa makina, alongo awo, mayi ake a kalaliki, analamula kuti akadwalire kwa mphwawo, kufupi ndi chipatala. Anafika nawo mwadzidzidzi kalaliki ali kuntchito. Mkazi wake, posokonezeka ndi alendo ndi akatundu, anachita chimene munthu aliyense waulemu akanachita, kugoneka wodwala pabedi labwino la m'nyumbamo. Anakumbukira za mbendera zija atawafunditsa kale. Kalaliki atabwera kudzadya masana anamupeza ataima pakhomo, manja ali kumutu.

Analowa kuchipinda. A Msoko anali chagada, maso ali kudenga. Dzanja lawo limodzi linali litalowa pansi pa matiresi, zala zikuyenda pang'onopang'ono m'mphepete mwa nsalu.

"Tseka chitseko."

Anatseka.

"Bedi lako n'lofewa, mphwanga."

"Amalume..."

"Iyi ndi ya chaka chimene kunagwa matalala. Ulusi unandithera, ndinamaliza ndi wina. Ya pansi pakeyi ndinasoka ndili ndi chithupsa pachala." Zala zinkayendabe. "Zonse zili pano. Nanga ili pamtengo ija ndi ya ndani?"

"Ya ku fakitale, amalume. Lamulo linachokera ku likulu. Ndinkafuna kukuuzani."

"Fakitale ya kuno?"

"Ayi. Ya kunja."

"Ndiye kuti takhala tikuvulira chipewa katundu wa m'katoni." Anayesa kuseka, chifuwa n'kuwagwira. "Atsamunda aja ankabwera okha ndi mbendera yawo, tinkawaona nkhope. Awa angotitumizira yathu yomwe, eni ake osaoneka n'komwe."

Kalaliki anagwada pambali pa bedi kudikira kutukwanidwa. Ankakufuna kutukwanidwako, kukanamupepuza. A Msoko anali ndi lilime loti linathamangitsapo wokhometsa msonkho mpaka pamlatho, koma tsiku limenelo sanaligwiritse ntchito. Anafunsa ndi mawu aang'ono, amene kalaliki anali asanawamvepo pakamwa pawo.

"Wometa akudziwa?"

"Ayi."

"Wanjinga?"

"Palibe akudziwa, kupatula apongozi anu."

"Asadziwe. Ndaima pamsewu paja zaka zonsezi ndikudzitama ndi ntchito ya makina a eni ake. Ndikafa asadzandiseke, mphwanga. Zina zonse aseke, koma iyi ayi. Lumbira."

Analumbira. A Msoko anatulutsa dzanja pansi pa matiresi n'kutembenukira kukhoma. Za mbendera sanazitchulenso, ndipo anamwalira mvula isanayambe.

Pakhonde paja tsopano pali mnyamata wogulitsa matchaja a foni, ndipo makina aja ali kwa alongo awo, atafundidwa thumba. M'mawa mumsewu mumakhala zii, osamva kugogoda kwa makina, osamva munthu akukangana ndi wailesi. Wometa amati masiku ano tsiku limatalika, chifukwa palibe womutsutsa. Anthu amawasowa a Msoko, ndipo akawasowa amayang'ana pamtengo wa pa khonsolo n'kunena kuti, "Yomaliza ya malemu iyo." Kalaliki akamva mawu amenewo chakudya sichimulowa.

Tsiku lokumbukira ufulu litafikanso, bwana wa khonsolo anali atapita ku mwambo waukulu ku likulu. Kalaliki anaona kuti mpata ndi womwewu. Anatukula matiresi n'kutenga yapamwamba, yomalizadi yeniyeni, mkazi wake n'kuisita mosamala. Anatsitsa yoterera ija, n'kukweza ya amalume ake. Inali yolemera, yosafulumira kukupiza, mizere yokhota, nyenyezi itapendekeka. Anaiyang'ana ili m'mwambamo, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikireni katoni ija anapuma mpweya wonse.

Sanapume nthawi yaitali. Wometa anawoloka msewu lumo lili m'manja, wanjinga pambuyo pake, amayi a pamsika pambuyo pa wanjinga.

"Achimwene, mwachita chiyani? Ya malemu mwaika kuti?"

"Chinsanza ichi mwachitola kuti?" anakuwa mayi wina. "Ndi zija zotchipa zobwera m'makatoni izi!"

"Munthu tamuika dzana lomweli, mwayamba kale kumufufuta? Inu, mwana wa mlongo wake weniweni!"

"A Msoko akanaona nyenyezi iyi akanafa kachiwiri," anatero wanjinga. "Bakha waponda pamenepa."

Kalaliki anatsegula pakamwa. Choonadi chinali chachifupi, mawu ochepa chabe, ndipo chikanamuyeretsa pomwepo. Koma chikanakhalanso nkhani yatsopano ya a Msoko, yoseketsa kuposa zonse, yoti pofika madzulo ikanakhala itafika kumsika wa tsidya lina. Anatseka pakamwa, n'kumasula chingwe.

Yoterera ija itakweranso n'kuyamba kunyezimira, anthu anawomba m'manja. Wometa anavula kapu, n'kupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Eya," anatero. "Dzanja la malemu silisowa."

Anthu atayamba kubalalika, wanjinga anatsalira. Analoza nsalu imene kalaliki ankaipinda, n'kumupempha kuti ngati alibe nacho ntchito chinsanzacho amupatse, azipukutira girisi. Kalaliki anati ayi, ali nacho ntchito, ndipo anachipanira m'khwapa n'kupita nacho kunyumba.