Muzu wa Dzino Langa Unafika ku Chidendene

Amene akuti ndikunama anyamuke pakhonde pano akamvere wailesi kwawo, chifukwa ine Zuze, mwana wa ku Nsanje, amene ndinasenza matumba ku mafakitale a ku Makata mpaka msana kuuma ngati thabwa, sindinanamepo chibadwire, ngakhale bodza loti ndakhuta.

Inu akamwini, bambo a Tadala, sendezani mpando kuno, nkhaniyi ndi yanu. Tsaya latupa ngati mwabisamo bango la mango, mwana wanga Rozina akuti masiku onsewa mukungomwa phala, minibasi mwaisiya pa siteji akuyendetsa ena. Dokotala wakuuzani kuti dzino lakumapeto lija, lomera munthu ali ndi ndevu kale, lamera chogona ndipo lizulidwe. Inu mwaopa, mwamvera anzanu a ku galaja amene akuti muzidonthezamo mafuta a buleki. Mafuta a buleki! Kodi m'kamwa mwanumo muli matayala?

Ine mano amenewa anandimera onse anayi tsiku limodzi, ndili pantchito, thumba la feteleza lili pamutu. Atatu anamera chilili, aulemu, mpaka lero alipo, ndi amene ndimaswera mafupa a mang'ina. Koma lachinayi, lapansi kumanzere kuno, linabwera chogona ngati chidakwa m'minibasi, kutsamira linzake, linzakelo kutsamira linzake, mano onse n'kuyamba kusendera, kusendera, mpaka akutsogolowa anakafika pafupi ndi khutu, moti chimanga chootcha ndinkachita kuchiika pakhutu ngati ndikuimba foni, ndipo ndikaseka amene ankaona ndi anthu ali kumbuyo kwanga. Mukumva?

Kutupa kwake musanene. Inu mukuti mwatupa, kwa ine chimenecho n'chiphuphu. Langa tsaya kondakitala ankalipatsa mpando wakewake wapawindo, ndipo Lamulungu ku Misa kuno ku Chilomoni tsaya linkalowa m'tchalitchi pa kuwerenga koyamba, mwiniwakene n'kufika abambo mfumu ali pakati pa ulaliki. Kugunda kwa ululu kunkamveka mpaka kumsika, gu gu gu, moti m'mawa wina ndikutsegula chitseko ndinapeza amayi ali pamzere ndi madengu a chimanga pamutu, akuti amva kuti ndatsegula chigayo.

Ndiye musaganize kuti nzeru za pa galaja zayamba ndi inu. Ndinapita kwa mkulu wina ku Ndirande, wofukiza nthula, uja amati m'dzino muli mbozi. Anaika njere pachitsulo chamoto, ine n'kuyasamula pautsi, utsi n'kutulukira m'makutu, n'kukwera, n'kuphimba phiri la Michiru lonse, anthu n'kutulutsa majuzi poyesa chiperoni chafika. Mbozi sindinaione ngakhale imodzi, dzino lili phee. Mafuta a bulekiwo ndinadonthezanso. Amagwiradi ntchito, sindikana, koma osati pa dzino. Ndikutsika mtunda uwu kupita kumsewu miyendo inangoti gwa, buleki yagwira, ndaima pakati pa msewu ngati lole yofa batire, magalimoto kuimba mahutala, mzere kufika kutauni, mpaka anyamata a pa siteji anachita kundikankha kuti ndilire. Dzino lokha ndi limene silinaime.

Apongozi anu, mayi a Rozina, atatopa nazo anandigwira dzanja ngati mwana wa sukulu ya mkaka kupita nane kwa dokotala wa mano kutauni. Dokotalayo anali mayi wamfupi, wofatsa, woyankhula ngati akupempha mchere. Anandijambula nsagwada, n'kuyang'ana chithunzicho pawindo.

"Atatu awa asiyeni, bambo, sakulakwira munthu," anatero. "Ili lagonali ndi limene lituluke, lisanaononge linzake."

Mwamva nzeru zimenezo? Mlendo wokhala bwino sathamangitsidwa, koma woponda anzake pamphasa amamusonyeza khomo. Ine n'kuti zulani, mayi, mwapeza mwamuna.

Anagwira ndi pulayala yake, pulayala n'kupindika ngati supuni ya pulasitiki. Anatenga ina, chimodzimodzi. Anatumiza uthenga ku Ndirande kwa owotcherera, aja amene mukawasonyeza chithunzi cha ndege amakufunsani kuti mukuifuna ya mipando ingati, iwo n'kusula chopanira cha sipuling'i ya lole, n'kubwera nacho pa wilibala. Dokotala anapana dzino, phazi n'kuponda pampando, nesi n'kumugwira m'chiuno, mlonda n'kugwira nesi, odwala onse a pabenchi n'kuiwala mano awo n'kugwirana m'chiuno, mzere n'kutuluka pakhomo, n'kudutsa geti, n'kuwoloka msewu, ogulitsa nthochi n'kutula madengu, womalizira n'kukolowekedwa ku lole ya ku Makata imene inkadutsa, dalaivala wake mnzanga, ndipo wina atayambitsa nyimbo yokokera ngati tili pa bwato ku Shire onse anakoka pamodzi, dzino n'kuti gwedeee. Mukumva, akamwini?

Mutu wa dzino unatuluka, koma muzu osatha. Ukubwerabe, woyera ngati chinangwa chosenda, ukubwerabe, ine ndikumva kunyerenyesa m'khosi, kenako pachifuwa, kenako m'chiuno, m'bondo, mpaka ku chidendene, apa m'pamene ndinazindikira chifukwa chimene nsapato yakumanzere inkabookera msanga, muzu uja unali utaboola chidendene, kuboola nsapato, kumalowa pansi ndikangoima malo amodzi, ndipo pamene ndinakhala pampando paja unali utatsika kale pansi pa simenti n'kukakulunga paipi ya madzi. Atauzula wonse, mipopi ya ku Chilomoni imene inali itauma inayamba kutulutsa madzi, amayi kululutira osadziwa woti amuthokoze. Mano anga aja anabwerera m'malo mwawo akulira ngati nkhomo za bawo, khotyo khotyo khotyo, akutsogolo n'kuchoka kukhutu.

Dzinolo anatenga amayi ena a ku Zingwangwa, analitembenuza, mpaka lero amasinjiramo nsinjiro. Muzu anaumanga pakati pa mitengo iwiri, mpingo wonse umayanikapo makatani a m'tchalitchi. Pitani mukafunse.

Koma chimene sindiiwala ndi mtendere umene unabwera pambuyo pake. Chilonda chitapola ndinakhala pakhonde lomwe lino, dzuwa likupendeka, nzimbe ili m'manja, ndikusenda ndi mano angaanga, m'mutu muli zii, ndipo ndinasangalala ngati tsiku la ukwati wanga. Munthu sadziwa kukoma kwa m'kamwa mopanda phokoso mpaka atadwala dzino. Kuyambira pamenepo ndimadya chimene ndafuna, ndimaseka ndi kutsogolo, ndilibe dandaulo ndi munthu.

Ndiye mawa m'mawa, bambo a Tadala, botolo la mafuta lija mulibweze ku galaja, musambe, tipite. Mwana wanga watopa kuphika phala, Tadala akufuna bambo ake oseka. Lanu ndi kadzino, lilibe ngakhale muzu wofika m'khosi. Za ululu musaope, ine pa zonse zija sindinamve kupweteka ngakhale pang'ono, ndikulumbira pali manda a amayi anga ku Nsanje.

Mukuti chiyani kukhitchiniko, mayi a Rozina? Mukuseka chiyani? Iyayi, zimenezo n'zosafunika pa anthu.

Chabwino, poti ayamba okha. Sindinamve ululu chifukwa dokotala atangonyamula jakisoni ine maso anachita mdima, ndinadzuka thonje lili kale m'kamwa, apongozi anuwa akundikupiza ndi mpango, akuti ntchito yonse inatha tiyi wa nesi asanazizire. Koma mayi a Rozinawo anali panja, ine ndinali chikomokere, ndiye angatsutse za lole ija ndani? Mawa ndikuperekezani ndithu, akamwini, mpaka pa geti. Mkatimo mukalowa nokha.