Mkwatibwi pa Hampu

Ndiyambe ndi kunena kuti palibe anamwalira. Ndafulumira kutero chifukwa mukamva mmene amayi anga amafotokozera nkhaniyi, mukhoza kufunsa kuti maliro anaika liti.

Ine koleji ndinaisiyira panjira (ena amati inandisiya ndi iyo, koma amenewo kunalibe). Ndinayamba geni ya soya, ndipo chaka china soya anandikonda kwambiri. Munthu wanzeru akanagula puloti. Ine ndinapita ku Old Town kukagula nsalu ya makatani, n'kubwerako ndi galimoto.

Inali kuseri kwa sitolo, itafunditsidwa nsalu ngati wodwala malungo. Mwini sitoloyo, mmwenye wachikulire wa Chichewa choposa changa, anati ndi ya mwana wake amene anapita kunja osabwerako. Yofiira psuu, zitseko ziwiri zokha, yaitali ngati bwato, denga lake lolekeza m'chiuno mwanga. Atailiza, makoswe onse a mumzere umenewo anasamuka.

"Iyi anaipangira maulendo ataliatali a ku Ulaya," anatero mkuluyo. "Koma ndikuuzeni chilungamo, achimwene, mimba yake ili pafupi ndi nthaka."

"Ndaona kale," ndinayankha, ngati munthu amene wakhala akukana magalimoto otere moyo wake wonse.

Ndinaiyesa pabwalo la simenti la kuseri komweko, kutsogolo pang'ono, kumbuyo pang'ono. Kunyumba inabwera pa lole chifukwa mapepala anali asanathe. Ndimakhala ku Area 10 (mu boyizikota, koma pouza anthu mbali imeneyo ndimaiiwala), ndipo ulendo wanga wa ku Ulaya unali wochoka pageti kukafika ku City Centre, pa msewu umodzi wosalala umene ndinadzisankhira. Kumeneko ndinkaimika pooneka, n'kutuluka. Kutuluka kwake umayamba wagwada ngati ukulonjera apongozi.

Kenako mchemwali wanga Tadala anapeza banja. Pa msonkhano wa komiti ya ukwati anagwirizana kuti mkwatibwi adzakwera galimoto ya amalume. Ndinaimirira, n'kukonza kolala.

"Mwana wa mayi anga sangakwere galimoto imene imanyamula manyowa a nkhuku mkati mwa sabata."

Amalume anangoti, "Chabwino, bwana."

Tsono abusa a kutchalitchi kwathu ku Old Town ndi munthu wa nthawi. Loweruka limenelo anali ndi maukwati ondondozana, ndipo ananeneratu kuti wochedwa amudumpha, adzabwerenso tsiku lina. Holo inali italipiridwa, nkhuku zitaphedwa, achibale a mkwati, amene dzina lake ndi a Yamikani, atabwera kale kuchokera kumudzi. Tadala anandikokera pambali.

"Achimwene, njira ya kutchalitchi mwaiyesa?"

"Galimoto ngati iyi siyesedwa, mwana iwe. Imayesa msewu ndi iyo."

M'mawa wa tsikulo ndinafika kwa amayi ku Area 15 (movutikira pang'ono, koma ndinati ndi satana chabe). Kulowetsa mkwatibwi kunafuna azimayi angapo: wina kupinda mutu, wina kukankha diresi. Wogwirizira anasuzumira kumpando wakumbuyo, n'kufunsa ngati ndi poika chikwama. Anakakwera ina. Diresi linadzaza galimoto yonse moti giya ndinkachita kuifufuza pansi pa leisi.

Mukudziwa mwambo wake: palibe galimoto imapitirira ya mkwatibwi, kupatula ya wojambula vidiyo, amene amakhala m'buti yotsegula atayang'ana kumbuyo. Choncho ndinali patsogolo pa mdipiti wonse, mahutala ali pipiii, pamene tinakumana ndi hampu.

Inali yatsopano. Amene anaimanga anali ndi simenti yambiri komanso mkwiyo. Ndinaiyandikira mwaulemu, chammbali. Matayala akutsogolo anakwera, anatsika, kenako pansi panamveka khwee! Basi. Ndinaponda moto, injini inabangula ngati mkango, matayala akumbuyo akungozungulira m'malere.

Vuto la ukwati ndi lakuti hutala ya chimwemwe ndi hutala ya ukali zimalira chimodzimodzi. Azimayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu anayamba nthungululu. Azakhali anatsika pa lole n'kuyamba kuvina, poganiza kuti zili pa pulogalamu.

"Taimiranji?" anafunsa Tadala.

"Tikupereka mpata anthu akuone."

"Achimwene."

"Galimoto yagona."

Msewuwo ndi wopapatiza, ngalande uku ndi uku, ndiye panalibe wodutsa. Azibambo anavula majekete kuti ainyamule, koma galimoto za ku Ulaya zilibe pogwira. Amalume anakoka kutsogolo, chipulasitiki china chinatsalira m'manja mwawo. Anandipatsira pawindo ndi manja awiri.

"Katundu wanu, bwana. Ya manyowa ija ikanakhala itafika."

Foni ya Tadala inalira. Anali a Yamikani: abusa ayang'ana wotchi, ndipo kwaya ya ukwati wotsatira yayamba kale kuyeserera pakhomo.

Mchemwali wanga sanalire. Anatsegula chitseko, anakwawa n'kutuluka, anakwinyira diresi lonse m'manja, n'kuimitsa njinga yamoto ya kabaza.

"Sisi, wa ukwati mtengo wake ndi wina," anatero wakabazayo.

"Akulipira achimwene angawo, ndi olemera. Tiye!"

Anakhala chammbali, diresi lili phiri pamiyendo, velo likuuluka m'mbuyo. Akabaza ena anawatsatira akuliza mahutala, ndipo wojambula vidiyo, munthu wosakhulupirika, anandisiya n'kuthamangira kumene kunali nkhani. Otsala onse anatsika, ena pa kabaza, ena wapansi. Akuti Tadala analowa m'tchalitchi akwati enawo atayamba kale kuimirira, ndipo abusa anangoti, "Mwapulumuka."

Ine ndinamva zonsezi kwa anthu. Ukwati wa mchemwali wanga ndinauonera pa hampu, nditavala suti, mpaka akalipentala ena anabwera ndi matabwa n'kuitsetsereza. Muvidiyo ya ukwati ndimaonekamo kamodzi, ndikugwada pamsewu kusuzumira pansi pa galimoto, ndipo wojambulayo anaikapo nyimbo yachisoni.

Mwina mukuganiza kuti ndinaigulitsa. Ayi ndithu. Ndinaphunzirapo kanthu: tsopano ndimayenda ndi matabwa anga awiri, ndipo amakhala pampando wakutsogolo, moti malo a munthu palibenso.

Pano Tadala ndi woyembekezera. Tsiku lina ndinapita kukawaona, ndipo pofuna kukonza mbiri yanga ndinati tsiku likadzakwana adzangondiimbira, ndidzamuthamangitsira kuchipatala, pakuti mu Lilongwe muno mulibe galimoto yothamanga kuposa yanga. A Yamikani anaika kapu ya tiyi pansi, n'kundigwira dzanja mwachikondi.

"Alamu, tikuthokoza kwambiri. Koma ngati mukufunadi kuthandiza, tsiku limenelo musadzatuluke pageti. Msewu tidzaufuna."